Phunziro la Achikumbi: Kusunga Malire a Mseu

Abale athu achikumbi, mwezi uno tifuna kuphunzira za chinthu chimene ambiri a ife sitichiyesa mbali ya ulimi, ndicho mseu wopita pafupi ndi minda yathu. Poyendera midzi taona kuti chaka ndi chaka mizere ya chimanga isendera ku mseu, kufikira khasu lidula ngalande yeniyeniyo. Mwini munda ayesa kuti wapindula mizere itatu kapena inayi. Koma ikafika nyengo yotumiza fodya ku misika ya ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, galimoto lodzatenga mabelo lilephera kufika, pakuti mseu wakumbika ndi madzi. Pamenepo mudzi wonse usenza mabelo pa mutu kapena pa njinga kunka ku mseu waukulu.

Malo a mseu ndi ati?

Tiyenera kudziwa poyamba kuti mseu suthera pamene pathera mapazi a galimoto. Ku mbali zonse ziwiri kuli malo opatulidwa, amene ali a anthu onse, ndipo palibe mmodzi angawayese ake. M'dziko la Malawi, lamulo la miseu la chaka cha 1962 lidaika kuti malo a mseu waukulu, monga M1, akhale mamita 60 m'mimba mwake, ndiko kuti mamita 30 mbali iyi ndi mamita 30 mbali inayo, kuyesa kuchokera pakati pa mseu. Kwa miseu yotsatana ndi yaikuluyo lidaika mamita 36, ndiwo mamita 18 mbali iri yonse. Munthu wamkulu akayenda mwa masiku onse, mamita 30 ndi mapazi ngati 40, ndipo mamita 18 ndi mapazi ngati 24. Bungwe la Roads Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, liyang'anira miseu ikuluikulu, ndipo makhonsolo ayang'anira miseu ing'onoing'ono ya m'maboma mwao. Musanalime kapena kumanga pafupi ndi mseu, funsani ku khonsolo za malire a mseu wa kwanuko.

Chifukwa chake cha malowa

Chifukwa choyamba ndi madzi. Mseu wabwino aumanga wotukuka pakati, kuti madzi a mvula atsikire m'ngalande za m'mbali. Ngalandezo ziri ndi tingalande topatukira ku thengo, ndi makalavati opitsa madzi pansi pa mseu. Tiyeni tiwerenge pang'ono. Chigawo cha mseu cha mamita 6 m'mimba ndi mamita 100 m'litali chiri ndi masikweya mita 600. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa pamenepo, madzi ake akwana malita 15,000, ndiwo migolo 75 ya malita 200. Madzi onsewa afuna kolowera. Tikatseka ngalande, iwo abwerera pa mseu, natsata m'mene mudapita mateyala a ngolo, nakumba. Akulu adati madzi saiwala khwawa.

Chachiwiri ndi maso a woyendetsa. Chimanga chabwino chitalika kuposa munthu. Chikaima pokhota mseu, woyendetsa galimoto sangaone mwana wochokera ku sukulu, kapena ngolo yotuluka m'munda, kufikira ali pafupi kwambiri.

Chachitatu ndi nchito ya mtsogolo. Okonza mseu afuna malo oyendetsapo makina ao ndi okuzirapo mseu anthu akachuluka. Amene amanga nyumba, golosale kapena chigafa m'kati mwa malo opatulidwa kale asayembekeze chipukuta misozi tsiku lomuuza kuti agumule.

Zimene tiyenera kuleka

1. Kulima mizere kapena kufesa nazale ya fodya m'kati mwa malire a mseu.
2. Kutseka ngalande ndi makalavati ndi dothi, mapesi kapena zinyalala.
3. Kuunjika pa mseu nkhuni zowotchera fodya, milimo ya chigafa, mchenga kapena miyala.
4. Kukumba dothi la njerwa ndi kumanga uvuni m'mbali mwa mseu, pakuti maenjewo adya mseu pang'onopang'ono.
5. Kuyanika chimanga kapena mtedza pa mseu. Kuonjeza pa ngozi, chakudyacho chidetsedwa ndi pfumbi ndi mafuta a galimoto.
6. Kumangirira mbuzi ndi ng'ombe pamene chingwe chifika pa mseu.
7. Kusiya ngolo pa mseu usiku popanda nyali kapena chizindikiro.

Dandaulo la mwini munda

Tidziwa kuti ambiri amene atseka ngalande sachita ichi mwa chipongwe. Iwo anena kuti, madzi a pa mseu alowa m'munda mwanga, nakokolola nthaka ndi feteleza amene ndagula ndi ndalama zanga. Dandaulo ili ndi loona, ndipo sitilipeputsa. Koma kutseka sikuchotsa madziwo, kungowakankhira kwa mnansi wa kumunsi, kumene afika ochuluka ndi amphamvu koposa.

Njira yabwino ndiyo kuwalandira madziwo ndi kuwafoola. Pamene ngalande itulukira, siyani mpata wosalima wa mamita awiri kapena atatu, ndipo muudzale udzu wokhazikika kufikira ku khwawa. Dulani mpatawo ndi mizere ya udzu wa vetiva, umene mizu yake ipita pansi kwambiri nigwira nthaka. M'munda momwemo ikani akalozera, mizere yanu itsate akalozerawo, ndipo muitseke ndi timigula kuti madzi alowe pansi. Kumapeto kwa mpata mukhoza kukumba dzenje ndi kudzala nthochi, zimene zikonda chinyezi. Madzi akapambana mphamvu zanu, uzani a nyakwawa ndi alangizi, kuti nkhaniyo ifike kwa oyang'anira mseu, pakuti kawirikawiri mankhwala ake ndiwo kuonjeza tingalande topatukira, kuti madzi asasonkhane pa malo amodzi.

Phindu ndi chitayiko

Tiyese munda umene ugundana ndi mseu kwa mamita 100, ndipo mwini wake walowa mamita 5 m'malo a mseu. Wapeza masikweya mita 500, ndilo gawo limodzi la magawo 8 a ekala. Ekalayo itabereka matumba 16, iye wapindula matumba 2. Koma mseu ukaduka, feteleza afika mochedwa, mtengo wa mtengatenga ukwera kwa mudzi wonse, ndipo mai wodwala pakati afika ku chipatala pa machira. A kum'mwera adaona m'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, m'mene mudzi uzunzikira mseu ukaduka. Namondwe sitingamletse, koma ngalande yotsekeka ndi nchito ya manja athu.

Nchito ya mwezi uno

Mvula isanagwe, a nyakwawa aitane anthu ao tsiku limodzi. Yesani malire ndi chingwe kuchokera pakati pa mseu, khomani zikhomo, ndipo dzalani vetiva potsata zikhomozo mvula ikayamba, kuti malire aoneke zaka zonse. Fukulani makalavati, chotsani mchenga m'ngalande, ndipo tchetchani udzu pokhota mseu koma osauzula, pakuti mizu yake igwira m'mphepete. Mukatha, onaninso ngalandezo itangogwa mvula yoyamba yaikulu, pakuti pamenepo ndipo pamene mudzaona bwino potsekeka.