Kudzutsa Datsun yakale imene yagona pabwalo

Mukayenda m'midzi ya ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, simulephera kuona ka Datsun 1200 kapena Nissan 1400 kotsegula kumbuyo katakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Timagalimoto tambiri totere tinabwera ndi abale a ku Joni. Musatipeputse. Tinkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008, ndipo n'tapachibale ndi Datsun 1200 imene inkavuta pa mipikisano ya ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Mkulu wake, Datsun 1600 SSS, anapambana East African Safari Rally mu 1970.

Ambiri amayamba ndi penti. Ayi ndithu, yambani ndi mapepala. Onani ngati nambala ya chasisi ikufanana ndi ya mu blue book, komanso ngati msonkho wa MRA unalipiridwa. Galimoto ikakhala ya chuma chamasiye, banja ligwirizane kaye musanagule ngakhale bawuti.

Injini imene yagona zaka musailize ndi batire. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'bowo lililonse, idikire masiku angapo, kenako izungulitseni ndi sipanala pa pule ya kutsogolo. Ikakana musaikakamize, itanani makaniko. Ikalola, sinthani oyilo ndi fyuluta, ndipo fufuzani makoswe, chifukwa amamanga chisa mosefera mpweya n'kutafuna mawaya.

Petulo wakale mutaye yense, tanki itsukidwe. Pano pali msampha: petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa. Ethanol amakoka madzi ndipo amadya mapaipi akale a labala, n'chifukwa chake tanki imachita dzimbiri, kabureta n'kutsekeka. Mapaipi onse a mafuta akhale atsopano. Paipi yothetheka pafupi ndi injini yotentha ndiye gwero la moto. Kabureta imasulidwe, timabowo take tipemereredwe ndi mpweya, osati kutokosola ndi waya. Mapoyinti atseguke pafupifupi 0.5 mm, ndipo mawaya a mapulagi atsate 1-3-4-2.

Injini ikalira mtima umathamanga, koma musatulukire nayo pa M1 mabuleki musanawaone. Sinthani timalabala ta m'masilinda a mabuleki ndi mafuta ake onse. Matayala ong'aluka m'mbali ndi otha, ngakhale mapanga ake akuoneka.

Dzimbiri lifuneni pansi pa kapeti ndi pamene masipuling'i a kumbuyo agwirira. Podyeka padulidwe, awotcherere chitsulo china. Fila yomata pa dzimbiri imagwa ndi mabampu a msewu wa ku Mqocha. Tanki ichotsedwe asanawotcherere.

Zipangizo zambiri zimapezekabe ku Johannesburg. Tumizani chithunzi cha chipangizo chakalecho pa WhatsApp, matransipota abwere nacho. COF mukaitenge ku Road Traffic ku Mzuzu, inshuwalansi ili kale m'manja.