Bwanji Osangokuza UNZA?

Wofunsa: Aphunzitsi, chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo ana onsewa adzafuna koleji. Bwanji boma osangokuza UNZA?

Mlangizi: Azikagona kuti? Pita ku Kalingalinga, pafupi ndi UNZA, ukaone ophunzira anayi m'kachipinda kamodzi, mabedi osanjikizana, mbaula pakhomo, lendi itadya ndalama ya ndiwo. UNZA inatsegulidwa mu 1966 dziko lili ndi anthu osakwana mamiliyoni 4, pomwe kalembera wa 2022 anapeza mamiliyoni 19.6. Malo atsopano apite m'zigawo, ndipo akhale a maphunziro aluso.

Wofunsa: Za kogona ndamva. Koma wolemba ntchito amayang'ana dzina la sukulu. Digiri ya ku Chipata ndi ya UNZA ya ku Great East Road zitakhala patebulo limodzi, angasankhe iti?

Mlangizi: Copperbelt University inayamba mu 1987 ku Kitwe, pamalo pamene panali Zambia Institute of Technology. Lero ndani amakayikira injiniya wa ku CBU? Dzina analipanga ndi ana amene anatuluka kumeneko akudziwa ntchito.

Wofunsa: Ku Kitwe kuli migodi. Nanga ku Chipata kuli chiyani?

Mlangizi: Kuli mtedza, thonje, soya, mpendadzuwa, malire a Mwami, ngakhale njanji yochokera ku Mchinji. Makina oyengera mafuta akawonongeka, wokonza achokere ku Lusaka chifukwa chiyani? Kumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands anthu ankasakasaka mnyamata wodziwa kuyika sola padenga, kulumikiza inveta ndi mabatire osawotcha nyumba. Palibe anamufunsa kuti anaphunzira kuti. Mijigo ya m'midzi, mapampu othirira, firiji ya katemera pachipatala chaching'ono, zonsezi zikudikira anthu otere. Ndipo sitikuyambira patchire ayi. Chipata Trades ilipo, NORTEC ku Ndola ilipo, ndalama za boma za CDF zikulipirira kale ana maphunziro aluso. Mwana akaphunzirira pafupi ndi kwawo, makolo amamutumizira ufa pabasi m'malo mosaka lendi ya ku Chelstone.

Wofunsa: Komatu simunandiyankhe. Chalimbana, Mukuba ndi Nkrumah anali makoleji a aphunzitsi, lero ndi mayunivesite. Kusintha chikwangwani pageti ndiye kukweza sukulu?

Mlangizi: Iwe mwana, ndanena za chikwangwani ine? Yunivesite yaluso ndi wekishopu yokhala ndi makina oyenda, magetsi osazima, mphunzitsi amene manja ake anagwirapo girizi, komanso nyumba ndi malipiro omukhazika ku Chinsali kapena ku Mongu kuti asathawire ku Lusaka chaka chisanathe. Popanda zimenezi ndi bwino ikhalebe koleji, izipereka dipuloma yoona.

Wofunsa: Ndiye mukuvomera kuti zikhoza kulephereka.

Mlangizi: Zikhoza, tikathamangira kudula maliboni. N'chifukwa chake ndimati tiyambe ndi malo awiri kapena atatu, mabungwe oyang'anira maphunziro a HEA ndi TEVETA aziyendera mawekishopu asanavomereze kosi iliyonse, ndipo mwana aliyense agwire ntchito pakampani asanalandire pepala.

Wofunsa: Pepalalo likundikayikitsabe, aphunzitsi. Komabe mng'ono wanga ndimuuza alembe fomu ya NORTEC. Ya UNZA alembenso.

Mlangizi: Alembe zonse ziwiri. Koma asanalipire ngwee, apite ku Ndola akaone yekha ngati makina akuyenda.