Dzina la Khadi ya Netiweki Likasintha

Magetsi a ESCOM abwera ku Ntaja, seva ya Linux yayaka, koma intaneti sikugwira. Musafulumire kudandaula za waya. Ngati seva ili ndi makhadi awiri, mwina eth0 yasanduka eth1, pomwe adiresi ya IP inalembedwa pa dzina lakale.

Yambani ndi ip link, muone dzina ndi MAC ya khadi iliyonse. Kuyambira systemd 197 mu 2013, mayina ngati enp0s3 amatsata malo omwe khadi yalowetsedwa, choncho mukaisuntha dzinanso limasintha.

Kuti likhazikike, lembani fayilo 10-lan.link mu /etc/systemd/network. Pansi pa [Match] ikani MACAddress= ndi nambala ya khadiyo, pansi pa [Link] ikani Name=lan0. Pewani eth0, kernel imaligwiritsanso ntchito. Adiresi ya IP isamukire ku lan0.

Pomaliza zimitsani n'kuyatsanso. Pa mayeso a RHCSA, zomwe zasokonekera kompyuta ikayakanso sizipatsidwa malikisi.