Kodi kuyendayenda m'wodi n'kokwanira?

Funso: Ndine namwino. Kuyambira nthawi ya Covid-19 ndidasiya mpira wamanja. Pano ndanenepa, msana ukundiwawa. Kodi kuyendayenda m'wodi sikokwanira? — Namwino, Chikale

Yankho: Pepani mayi, vutoli si lanu nokha. M'dziko muno khoti lalikulu lidaletsa m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020, komabe masewera adaimitsidwa, ndipo azaumoyo ambiri ankaweruka atatheratu.

Kuimirira ndi kuyendayenda m'wodi tsiku lonse kumatopetsa miyendo, koma mtima sugwira ntchito mokwanira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso olimbitsa minofu masiku awiri.

Msewu wa zitunda wochoka ku Chikale kupita m'tauni ya Nkhata Bay ukuthandizani. Yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, mpaka thukuta kamukamu, muzitha kuyankhula koma osatha kuimba. Kunyumba, gwirani mpando, muzinyonyomala n'kudzuka kakhumi. Mukamasambira m'nyanja, muzikayezetsa likodzo.

Msanawo ukayamba kuchititsa dzanzi m'miyendo, onanani ndi dokotala msanga. Mumasamalira ambiri, mayi. Thupi lanunso likufuna chisamaliro.