Phunziro la Zaumoyo: "Ndikupalasa Njinga Koma Makilo Sakutsika"

Phunziro la mwezi uno ndi lanu amayi, makamaka inu amene mwapitirira zaka 40. Ine wolemba ndine mwana wanu, choncho mundikhululukire pamene ndakhudza nkhani za akuluakulu. Amene mumadziwa kuwerenga, awerengereni anzanu pa gulu lanu lomvera wailesi.

Azakhali anga anawapeza ndi BP ku Centro de Saúde, ndipo anamwino anawalangiza kuti achepetse thupi. Anasiya kukwera kabaza, nayamba kupalasa njinga popita kudimba ndi kumsika. Patatha miyezi itatu anakakwera sikelo, napeza kuti yachoka kilo imodzi yokha. Pofika pakhomo anatsamiritsa njinga ija kuseri kwa nkhokwe, nati: "Thukuta lonse lija kilo imodzi? Bola ndizingokhala." Mwina nanunso munayankhulapo chomwecho. Musanaiponye njinga, tiyeni tione zimene zikuchitika m'thupi mwanu.

1. Chifukwa chiyani thupi likuchedwa kutsika?

Choyamba ndi msinkhu. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Nthawi imeneyi mahomoni a m'thupi amasintha, ndipo mafuta amene kale ankakhala m'chiuno ndi m'ntchafu amayamba kuunjikana pamimba. Minofu nayonso imachepa munthu akamakula, ndipo minofu ndiyo imagwiritsa ntchito chakudya chambiri. Amayi ena amasowa tulo chifukwa cha kutentha kwa thupi usiku, ndipo munthu wosagona bwino njala imam'pweteka kwambiri. Uwu si ulesi ayi.

Chachiwiri ndi masamu. Mphamvu za m'chakudya amaziyeza m'makalori. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukapalasa mwachifatse kwa ola lathunthu, mumagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 300. Ndiye kuti pamafunika maola ngati 25 kuti kilo imodzi ichoke, ngati kadyedwe sikanasinthe.

Chachitatu ndi njala. Mukafika pamsika mutatopa, mumagula mandasi awiri ndi botolo la Frozy kapena Fanta. Zimenezi zikhoza kubwezera makalori onse amene mwataya panjira.

Chachinayi ndi mankhwala. Jakisoni wakulera ndi mankhwala ena a ma ARV amanenepetsa anthu ena. Musasiye mankhwala anu chifukwa cha ichi. Kambiranani ndi anamwino.

2. Kodi ndiye kuti njinga ilibe phindu?

Ili nalo lalikulu, koma sikelo siionetsa lonse. Kupalasa kumalimbitsa mtima ndi mapapo, kumatsitsa BP, kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga, ndiponso kumachepetsa mafuta a m'kati mwa mimba, amene ndi oopsa kuposa ena onse. Izi zimachitika ngakhale makilo asanasinthe. Komanso njinga siipweteka mawondo ngati kuthamanga, chifukwa chishalo ndicho chimanyamula thupi.

Nkhani ya BP si yamasewera. Kafukufuku wa m'dziko lathu la Mozambique anaonetsa kuti mu 2005, anthu 33 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Pofika 2015 anali 39 mwa 100 alionse, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. BP yokwera imabweretsa sitiroko, matenda aja opha ziwalo mbali imodzi.

Ku America, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2002 anaona anthu amene anali pafupi kudwala shuga. Anawalangiza kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata ndi kuchotsa makilo 7 pa 100 alionse a thupi lawo. Chiwopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100. Choncho simukufunika kubwerera ku thupi la utsikana wanu. Mayi wolemera makilo 80 akachotsa makilo 4 mpaka 8, wachita zazikulu.

3. Dziyezeni ndi chingwe

M'midzi yathu sikelo ili kutali, koma chingwe chili m'nyumba iliyonse. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Chipindeni pakati, ndipo muchizungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake zakumana, muli bwino. Ngati sizikukumana, mafuta a pamimba achuluka. Amene muli ndi tepi ya telala, dziwani kuti kwa mayi, mimba yopitirira masentimita 80 ndi chenjezo, ndipo yopitirira 88 ndi chenjezo lalikulu.

Dziyezeni kamodzi pa mwezi, m'mawa musanadye. Dzifunseninso mafunso awa: Kodi chitunda chimene ndinkatsikirapo njinga tsopano ndikuchikwera? Kodi wefuwefu wachepa? Kodi ndikugona bwino? Kodi BP yanga ili pansi pa 140/90?

4. Mupalase motani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, limene m'Chipwitikizi timalitchula kuti OMS, linalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, ndi chiyambi chabwino.

a) Yambani ndi mphindi 10 pamalo athyathyathya, muziwonjezera sabata iliyonse.

b) Palasani mwakuti muzipuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula. Ngati mukutha kuimba nyimbo, onjezerani liwiro. Ngati mawu sakutuluka, chepetsani.

c) Dera lathu la Angonia ndi Tsangano ndi lazitunda. Palibe manyazi kutsika n'kuikankha njinga. Kumenekonso ndi kulimbitsa thupi.

d) Kwezani chishalo kuti mwendo uziwongoka, bondo litangopindika pang'ono, pamene phazi lafika pansi penipeni popalasa. Chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo.

e) Mangani chitenje bwino kuti chisakodwe mu tcheni kapena m'masipoko. Onani mabuleki musananyamuke. Yendani kumanzere kwa msewu, kuno kwathu ngakhalenso mukaoloka ku Dedza kapena ku Lizulu, ndipo pewani mdima chifukwa cha magalimoto akuluakulu.

f) Nyamulani madzi akumwa ndi nthochi kapena mtedza pang'ono, kuti njala isakutsogolereni kwa ogulitsa mandasi ndi chipisi.

Amene mulibe njinga, kuyenda ndawala kumathandiza chimodzimodzi. Kulima, kusinja ndi kutunga madzi kumasunga minofu.

5. Njinga ndi mbale ziyendere limodzi

Sitikunena kuti musiye nsima. Ngati mumadya mitanda itatu, yesani iwiri, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, chisoso, bonongwe kapena mpiru. Onjezerani nyemba, usipa kapena dzira, chifukwa zimenezi zimasunga minofu ndipo zimakhalitsa m'mimba.

Yang'anani shuga wa mu tiyi ndi mu thobwa. WHO imati shuga asapitirire timasipuni 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi timasipuni pafupifupi 7 kapena 8. Mchere usapitirire kasipuni kamodzi pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Mafuta ophikira muziyeza ndi sipuni, osangothira kuchokera m'botolo.

Musadzimane chakudya tsiku lonse. Mudzafooka, kenaka madzulo mudzadya mowirikiza. Chenjeraninso ndi tiyi ndi mapiritsi "oondetsa" a pamsika. Ambiri amangotsegula m'mimba, n'kuchotsa madzi osati mafuta.

6. Nanga anthu adzati chiyani?

Tonse tikudziwa kuti kwathu kuno mayi wonenepa amati akusamalidwa bwino, ndipo akayamba kuchepa thupi, manong'onong'o amayamba pachitsime. Ena amasekanso mayi wamkulu ali panjinga. Fotokozerani apabanja panu zimene anamwino ananena. Abambo, bwerekani njinga akazi anu ndipo muziikonza. Amayi, pezani mnzanu woyenda naye. Oseka aja sadzabwera kudzakutembenuzani pamphasa sitiroko ikakugwirani.

7. Thamangirani kuchipatala mukaona izi

Ngati mukumva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kwambiri mukupalasa, imani pomwepo ndipo mukaonane ndi achipatala. Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwafunsa anamwino, ndipo pitirizani kumwa mankhwala anu.

Kuonda kosafuna ndi nkhani ina. Ngati thupi likutha lokha, muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi, mukutuluka thukuta usiku pamodzi ndi malungo, kapena mwakhosomola masabata awiri, musakondwere. Kayezetseni shuga, TB ndi HIV. A APE a m'mudzi mwanu akhoza kukutumizani ku Centro de Saúde.

Azakhali anga aja atapita kukayezetsanso, anamwino anawaonetsa kuti BP yawo yatsika. Njinga anaichotsa kuseri kwa nkhokwe. Makilo akutsikabe pang'onopang'ono, koma chitunda cha kudimba akukwera osatsika.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Ndi angati pa gulu lathu amene anayezetsa BP chaka chino?
2. Timathira timasipuni tingati ta shuga mu kapu imodzi ya tiyi?
3. Tingamuthandize bwanji mnzathu amene akusekedwa chifukwa chochepa thupi?
4. Ndi tsiku liti limene tingadziyeze tonse ndi chingwe?

Mayankho ndi mafunso anu aperekeni kwa mtsogoleri wa gulu kuti awabweretse ku wailesi. Tidzawawerenga pa pologalamu ya zaumoyo.