Cifukwa Cace Timazizidwa m'Mwezi wa July

Anzanga, inu nonse mudziwa m'mene kumazizirira kuno ku Kasina m'miyezi ya June ndi July. Madzi osamba m'mamawa amaluma, ndipo zala zimakana kugwira pensulo. Caka catha acimwene anga anataya tomato wao yense wa kudimba usiku umodzi wokha, cisanu citamupsereza. Ndalama zace zinali za fizi yanga. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsafunsa cimene cibweretsa kuzizira ndi kutentha, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Dziko lathu lizungulira dzuwa kamodzi pa caka, koma mtunda wa pakati pa ziwirizi sukhala umodzimodzi. Kuciyambi kwa January tiri pafupi, makilomita 147 miliyoni; kuciyambi kwa July tiri patali, makilomita 152 miliyoni. Nditawerenga ici ndinakondwa, ndinati yankho ndalipeza. Koma aphunzitsi anandifunsa kuti, nanga bwanji ku England July ndiye mwezi wotentha? Ndinasowa conena. Cifukwa ceniceni ncakuti dziko liri lopendekeka madigiri 23 ndi theka. M'July mbali yathu ya kumwera ipendekera kutali ndi dzuwa, motero dzuwa lidzera cakumpoto, kuwala kwace kutifika copendama, ndipo usana ufupika. Taonani cithunzithunzi canu masana: ciloza kumwera. Mtunda uja ungothandizako pang'ono.

Cinanso, ife tikhala pamwamba. Boma la Dedza liri mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kucepa ndi madigiri ngati 6. Ncifukwa cace wina abvala jekete ku Dedza tsiku lomwelo limene mnzace atuluka thukuta ku Mtakataka.

Tsono cacikuru ndi mpweya. Dzuwa litenthetsa nthaka, ndipo nthaka ibweza kutenthako kumwamba usana ndi usiku. Koma nthunzi ya madzi ndi mpweya wochedwa carbon dioxide zigwira kwina ndi kukubwezera pansi, monga licita bulangeti. John Tyndall anayesa cimeneci m'caka ca 1859. Popanda bulangetilo dziko likadakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa madigiri 15 amene tiri nao tikaphatikiza maiko onse. Apa ndi pamene ndinamvetsa za tomato uja. Usiku umenewo kunalibe mtambo ngakhale umodzi, mpweya unali wouma, ndipo kutentha kwa nthaka kunathawa msanga. Mpweya wozizira, pokhala wolemera, unatsikira kudambo, kumene kuli dimba.

Amene akayika ayang'ane nthanda, imene m'mabuku ichedwa Venus. Siiri nyenyezi ai, ndi dziko lolingana ndi lathu msinkhu. Iri makilomita 108 miliyoni kucokera ku dzuwa, pamene Mercury ali pa 58 miliyoni cabe. Komabe yotentha koposa ndi Venus, madigiri ngati 465 usana ndi usiku womwe, cifukwa mpweya wace ndi wocindikala ndipo pafupifupi wonse ndi carbon dioxide. Mercury alibe cofunda. Masana afika madigiri 430, usiku atsika mpaka 180 pansi pa ziro. Ine ndimcitira cisoni, pakuti ndidziwa kugona wopanda bulangeti.

Bulangeti lathu nalo likucindikala. Pamene anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii m'caka ca 1958, carbon dioxide anali magawo 315 pa miliyoni. Pofika 2023 anapitirira 420. Acokera ku malasha ndi mafuta amene anthu atentha, makamaka m'maiko a mafakitale, ndiponso ku nkhalango zimene tidula ndi kuocha. Musaganize kuti tsono cisanu catha: kutentha kukukwera pang'onopang'ono, koma usiku wa mbee m'July udakali woopsa kudambo.

Caka cino ndawauza acimwene kuti aziyang'ana kumwamba madzulo. Nyenyezi zikacuruka ndipo mphepo iri zii, timatenga udzu ndi kukafunditsa tomato dzuwa litangolowa.