Mtunda ndi Nthawi pa Ulendo wa Ndege: Lusaka ndi Mfuwe

Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amamva kuti ndege imacoka ku Lusaka nifika ku Mfuwe pa ora limodzi ndi mphindi pang'ono. Ena sakhulupira, pakuti basi yocoka ku Lusaka imatha maora 7 kapena 8 isanafike ku Chipata. Koma palibe cozizwitsa m'menemo; ndi nkhani ya masamu.

Coyamba ndi njira. Mseu wa Great East Road uli wautali makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata. Umakhotakhota m'mapiri, nutsikira ku mlato wa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, nupitirira pa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete. Ndege siilambalala phiri kapena mtsinje, koma ilunjika monga muvi. Cotero pakati pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi bwalo la Mfuwe pali makilomita pafupifupi 440 okha.

Caciwiri ndi liwiro. Lamulo lace ndi ili: mtunda ugawidwe ndi liwiro, ndipo yankho lace ndilo nthawi. Ndege yaing'ono youluka makilomita 400 pa ora ikayenda makilomita 440, itha ora limodzi ndi mphindi 6. Pamenepo paonjezeke mphindi zina za kukwera ndi kutsika. Mphepo nayonso isintha ciwerengero: ikaomba kucokera kutsogolo icedwetsa ndege, ikaomba kumbuyo iifulumiza.

Tsono munthu wofuna kufika msanga ku Lusaka cifukwa ca matenda kapena maliro asanyengedwe ndi ora limodzilo. Wa ku Katete ayenera kuyamba wayenda makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Chipata kuti apeze bwalo la Mfuwe, ndiwo maora atatu pa galimoto. Afike ndege isananyamuke, nadikire ngati ora lina. Atatera ku Lusaka, mzinda ukali patsogolo makilomita oposa 20. Zonse pamodzi zikwana maora asanu ndi theka kapena asanu ndi limodzi, ndipo mtengo wace uposa wa basi kangapo. Wa ku Sinda akapita ku Mfuwe ayamba wafulatira Lusaka, ndipo phindu lace licepa koposa. Wa ku Vubwi, amene mseu waukulu uli naye kutali, ayenera kuonjeza maora a njira ya kwao pa maulendo onse awiri.

Cifukwa cace banja lisanagulitse ng'ombe kuti ligule tikiti, liwerenge ulendo wonse kuyambira pakhomo pa nyumba kufikira pakhomo pa cipatala.

Mafunso
1. Ndege youluka makilomita 300 pa ora itha nthawi yotani pa makilomita 450?
2. Cifukwa ninji njira ya m'mwamba iri yaifupi koposa ya mseu?